Buleki ya njinga yamoto ikafewa, cotsani mpweya musanakwezepo thumba

NYENGO ya misika ikafika, njinga yamoto imasanduka ngolo. Mudzaiona pa mseu wa Chadiza kapena wa Lundazi itasenza matumba awiri a cimanga a makilo 50, pamwamba pake kathumba ka nshawa. Pa Sondo njinga yomweyo ndiyo ipereka akatekisiti ku nthambi za parishi zimene ziri kutali. Injini timaisamala ndithu, oilo timasintha, pulagi timapukuta. Koma buleki timaikumbuka pokhapo tafika potsetsereka.

Ine zinandicitikira caka catha ndirikutsika kaphiri ndi katundu kumbuyo. Ndinakoka cogwirira ca buleki ya kutsogolo, ico n'kubwera mpaka kukhudza handulo ngati ndafinya siponji. Cinandipulumutsa ndi buleki ya kumbuyo ndi mcenga wa m'mbali mwa njira. Makanika atatsegula kabokosi ka mafuta a buleki, anali akuda bii ngati tiyi wopanda mkaka. Anawasintha ndi kucotsa mpweya ine ndirikupenya, ndipo ndinaona kuti ndi nchito imene munthu wodekha angaicite pa khomo pake.

Poyamba dziwani buleki imene muli nayo. Njinga monga Yamaha AG200 ndi ma Boxer ambiri ziri ndi buleki ya diramu, yokokedwa ndi waya kapena kacitsulo. Imeneyo iribe mafuta, ndipo ikafewa mumangomanga nati yake kapena kusintha mashuzi. Nkhani ino ndi ya njinga zimene ziri ndi disiki, cimbale cacitsulo cija ciri pa wilo, ndiponso kabokosi ka mafuta pa handulo ya kumanja.

Mukakoka cogwirira, kapisitoni kamakankha mafuta kudzera mu paipi kufika pansi, pamene mapadi awiri amapana disiki. Mafuta safinyika, n'cifukwa cace mphamvu ya dzanja lanu ifika yonse ku wilo. Mpweya ndiwo ufinyika. Kathovu kakang'ono kakalowa mu paipi, dzanja lanu limayamba lafinya kathovuko, mapadi asanagwire kanthu.

Mdani wina ndi madzi. Mafuta a buleki amayamwa cinyezi ca mu mpweya pang'onopang'ono, ngakhale kabokosi kali kotseka. Mafuta atsopano a DOT 4 sawira kufikira atadutsa madigiri 230, koma akamwa madzi angathe kuwira pa madigiri 155 cabe. A DOT 3 amatsika kucoka pa 205 kufika pa 140. Mukamatsika phiri lalitali, monga mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, muli ndi katundu ndipo dzanja liri pa buleki njira yonse, mafutawo amatentha, madzi aja n'kusanduka nthunzi. Nthunzi ifinyika monga mpweya. Buleki imene inali bwino m'mawa imatha mwadzidzidzi. Ici ndico cifukwa opanga njinga ambiri amati mafutawa asinthidwe pa zaka ziwiri zirizonse, ngakhale njinga isanadandaule.

Pogula, werengani cimene calembedwa pa civundikiro ca kabokosi. Pamakhala DOT 3 kapena DOT 4, ndipo gulani omwewo. Cenjerani ndi DOT 5: nambala yake ndi yaikulu koma ndi mtundu wina, susakanizidwa ndi enawa. Gulani botolo laling'ono losatsegula. Otsala m'botolo limene linatsegulidwa kale-kale amwa kale cinyezi, ndipo ongopimidwa pa msika simudziwa kuti ndi ciani. Ndamvako anthu akuti oilo wa injini angathandize pa tsiku la mavuto. Ai, abale. Oilo amatupitsa malabala a mkati, ndipo mudzagula zipangizo zonse zatsopano, ngati mudzafika ku nyumba.

Zofunika zina n'zocepa: sipanala ya ring'i yokwana pa kanipo kocotsera mpweya (pa njinga zambiri ndi nambala 8), sikuludiraiva yokwana bwino, kapaipi koonekera mkati kotalika ngati mkono, botolo lopanda kanthu, sirinji yatsopano ya ku kemisiti, nsanza, ndi madzi mu beseni. Musatole mapaipi kapena masirinji otaidwa ku cipatala. Pezaninso munthu wokuthandizani, ngakhale mwana wa sukulu amene amamva zouzidwa.

Imikani njinga pamalo osalala, pamthunzi, popanda fumbi. Khotetsani handulo kuti kabokosi kakhale cilili, osapendekera. Pukutani civundikiro musanatsegule. Masikuluu ake awiri ndi ofewa, mukawakakamiza mitu imadyeka, tsono kanikizani sikuludiraiva mwamphamvu ndi kupotoza pang'onopang'ono. Cotsani civundikiro ndi labala ya pansi pake. Phimbani thanki ndi nsanza cifukwa mafutawa amadya penti. Ndi sirinji, yamwani mafuta akale koma siyani pang'ono pansi kuti kabowo ka pansi kasaonekere, ndipo thirani atsopano.

Tsopano pitani ku wilo. Cotsani kacipewa ka labala pa kanipo, lowetsani sipanala, kenaka vekani kapaipi. Mbali ina ya kapaipi imire m'botolo momwe mwathiramo mafuta pang'ono.

Apa ndi pamene pagona nchito yonse, ndipo ambiri amalakwa cifukwa ca cangu. Wokuthandizani akoke cogwirira katatu kapena kanayi mosafulumira, ndipo potsiriza agwire osasiya. Inu masulani kanipo pang'ono cabe, gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira. Mafuta akuda ndi timathovu zidzatuluka mu kapaipi, cogwirira n'kulowa mpaka ku handulo. Mangani kanipo. Mukamanga, ndiye muuze mnzanu asiye cogwirira. Akasiya inu musanamange, buleki imayamwa mpweya kubwerera mkati, ndipo mwagwira nchito pacabe. Ine ndi mwana wanga timacita kulankhula mokweza: iye "ndagwira", ine "ndamanga". Oseka aseke.

Bwerezani comweco. Pakapita maulendo atatu kapena anayi, imirirani mukaone kabokosi. Kakauma, mpweya ulowera pamwamba ndipo mudzayambanso poyamba, tsono muzithira mafuta asanafike pansi. Pitirizani kufikira mu kapaipi mukutuluka mafuta oyera opanda thovu, ndipo cogwirira calimba cisanafike pakati. Nthawi zina timathovu timakakamira. Gogodani paipi ndi citsulo ca mapadi ndi cigwiriro ca sikuludiraiva, ndipo gwedezani cogwirira pang'ono-pang'ono, mudzaona timathovu tikukwera mu kabokosi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomanga kanipo komaliza musaonetse mphamvu za ku munda. Ndi kacitsulo kobowoka mkati, kakathyoka ndiye ulendo wa ku tauni. Dzazani kabokosi kufika pa mzere wapamwamba, osapitirira, bwezerani labala ndi civundikiro. Pamene padonthera mafuta tsukani ndi madzi ambiri. Ngati agwera pa mapadi, mapadiwo aonongeka, sinthani. Muli pomwepo yang'anani makulidwe ao. Kawiri-kawiri mafuta akamatsika mu kabokosi popanda podontha, ndiye kuti mapadi akutha.

Ena amamanga cogwirira ku handulo ndi labala usiku wonse, m'mawa n'kupeza calimba. Zimathandizako pa timathovu totsala, koma sizikonza buleki yodontha. Mukagwira cogwirira mwamphamvu ico n'kumalowa cokha pang'onopang'ono, kapena muona kunyowa pa paipi, pa kabokosi kapena pa wilo, malabala a mkati atha kapena paipi yaonongeka. Imeneyo ndi nchito ya makanika, ndipo njinga isayende mpaka itakonzedwa. Cimodzimodzi njinga zatsopano zimene ziri ndi ABS, pitani nazo kwa odziwa.

Musanakwere, kankhani njinga ndi manja n'kugwira buleki. Kenaka yendani pang'onopang'ono pa bwalo muli nokha, cisoti ciri kumutu, n'kuima kangapo. Matumba ndi amai a kunyumba abwere pambuyo pake.

Mafuta akale ndi poizoni. Musawataye pafupi ndi citsime, m'dimba kapena pamene nkhuku, agalu ndi mbuzi zimafika, ndipo musawasiye m'botolo la zakumwa pamene ana angalione. Atsekeni, lembanipo, mukawasiye ku galaji.

Njinga imene imandidetsa nkhawa koposa ndi ya parishi ndi ya kopaletivu. Lero akwera akatekisiti, mawa mlembi, mkuca wina wopita ndi wodwala ku cipatala. Aliyense amva kuti buleki yafewa, aliyense aganiza kuti mnzake wanena kale. A komiti, m'buku lija mumalembamo za petulo tsegulani tsamba lina la buleki, mulembe tsiku limene mafuta anasinthidwa ndi dzina la amene adzaonenso.