Koleji ya ku Mweka ndi Amene Anaithandiza

Ana inu, m'madambo a mtsinje wa Kafue muli mtundu wa nyama zotchedwa lechwe umene supezeka kwina kulikonse. Kuziwerenga ndi kuziteteza kwa opha nyama mozemba ndi ntchito yofuna maphunziro. M'masiku a atsamunda, akuluakulu a ntchitoyi pafupifupi onse anali azungu. Nanga iwo atachoka, akanazisunga ndani?

Ndicho chifukwa chake m'chaka cha 1963 anatsegula koleji ya ku Mweka, m'tsinde mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanganyika. Zina mwa ndalama zoyambira zinachokera ku African Wildlife Leadership Foundation, bungwe la anthu akufuna kwabwino la ku Washington. A ku Zambia nawonso anakaphunzira kumeneko. Aphunzitsi, asonyezeni ana phirilo pa mapu.