Galu wosaka mbalame pakhomo pali nkhuku

Mlimi amene ali ndi nkhuku zoyenda zokha pabwalo, nkhanga zoweta, abakha kapena khola la nkhunda aziyamba waganiza mofatsa asanatenge kagalu ka mtundu wa German Shorthaired Pointer. Galu ameneyu ndi wooneka bwino, wanzeru ndiponso wokonda anthu, koma ntchito yaikulu imene makolo ake ankawetedwera ndi yofunafuna mbalame. Khalidweli lili m'magazi, ndipo silitha chifukwa choti galuyo wafika pakhomo pa munthu amene sanagwirepo mfuti.

Kwawo kwa galuyu ndi ku Germany, kumene amamutcha Deutsch Kurzhaar, dzina lonena za ubweya wake waufupi. M'zaka za m'ma 1800 alenje a kumeneko ankafuna galu mmodzi wotha kununkhiza mbalame m'udzu, kuitola ikaomberedwa ngakhale itagwera m'madzi, komanso kulondola nyama yovulala. Buku lolembamo mibadwo ya agaluwa linayamba kutuluka mu 1897, ndipo bungwe la American Kennel Club linavomereza mtunduwu mu 1930. Ku South Africa alenje amasaka nawo nkhanga ndi nkhwali, mbalame zomwezi zimene timaziona m'minda mwathu tikakolola.

Kasakidwe kake n'kopatsa chidwi. Amathamanga uku ndi uku patsogolo pa mlenje mphuno ili m'mwamba, ndipo akamva fungo la mbalame amangoti njo, osagwedezeka, mwendo umodzi wakutsogolo ataupinda, mphuno italoza pamene mbalameyo yabisala. N'chifukwa chake Angelezi amamutcha pointer, ndiye kuti woloza. Wamphongo amalemera makilogalamu 25 mpaka 32, wamkazi 20 mpaka 27. Ambiri ndi ofiirira moderako, kapena ofiirira ndi mawanga oyera.

Tsono galu wotere angakhale bwanji ndi banja? Pa nkhani yokonda anthu palibe chodandaula. Amafuna kukhala pamene pali eni ake, mayi akamapita kukhitchini iye pambuyo, bambo akakhala pakhonde iye pamapazi. Apa m'pamene amasiyana ndi agalu athu akumudzi, amene amagona pa phulusa kuseri kwa nyumba osadandaula. Ubweya wake ndi wochepa, moti m'miyezi ya Juni ndi Julaye kumadera ozizira monga Dedza ndi Mzimba amafunika pogona potchingika. Koma chimene chimamupweteka kwambiri ndi kusungulumwa. Mukamumanga pa tcheni tsiku lonse monga ambiri amachitira ndi agalu olondera, amalira, amakumba maenje, amatafuna nsapato, matumba ndi chilichonse chimene wachipeza. Ulonda weniweniwo sautha bwino. Amauwa mlendo akafika, koma nthawi zambiri pakapita kanthawi amayamba kumugwedezera mchira.

Ndi ana osinkhukirapo amagwirizana kwabasi, chifukwa onse satopa ndi masewera. Vuto lili pa mwana wongoyamba kuyenda. Galuyu amachedwa kukhwima maganizo, amakhalabe ndi chibwana mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira, pamene thupi linakula kale. Makilogalamu 30 akubwera ali pa liwiro amagwetsa mwana kapena agogo popanda cholinga choipa chilichonse.

Mphamvu zake ndizo zimagonjetsa mabanja ambiri. Tsiku lililonse amafunika ola limodzi kapena awiri othamanga, osati kungoyenda naye pa chingwe kukafika pa golosale. Apa mlimi amapambana munthu wa m'tauni amene ali ndi puloti yaing'ono ndipo amachoka m'mawa n'kubwera usiku. Amene munda kapena dimba lake lili patali, ndipo amapitako pa njinga tsiku ndi tsiku, wapeza mnzake woyenda naye. Kungoti kagalu kosakwana chaka musakathamangitse mtunda wautali mafupa asanakhwime, ndipo m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala muzituluka naye m'mamawa kapena madzulo. Galu amene wathamanga mokwanira amafika n'kugona phee. Amene sanathamange amadzipezera yekha ntchito, ndipo pakhomo pa mlimi ntchitoyo ndi nkhuku.

Nkhuku ya thadzi yoyenda ndi anapiye ake imachita zonse zimene zimadzutsa mtima wa galuyu: imanunkha ngati mbalame, imathawa, imakupiza mapiko. Poyamba mudzamuona ataima n'kuiloza, ana n'kumaseka. Tsiku lina adzaithamangitsa, ndipo akangogwira imodzi n'kulawa, kumuletsa kumavuta zedi. Nkhanga zoweta ndiye zili pangozi yoposa, poti ndi nyama yeniyeni imene abale ake amasaka. Ndipo m'mudzi nkhuku sizidziwa malire. Galu akapha za mnansi, nkhani imakathera kwa amfumu, mwini galu n'kulipa, apo ayi galuyo amapezeka atafa ndi tameki. Mpanda wa udzu kapena wa mapesi si kanthu kwa iye. Amaboola kapena kulumpha, ndipo womutchinga uyenera kukhala wolimba, wotalika pafupifupi mamita awiri.

Alipo amene amakhala bwino ndi nkhuku, koma ndi amene anaphunzitsidwa akadali aang'ono. Kagalu ka miyezi iwiri kapena itatu muzikatenga pa chingwe popita kukadyetsa nkhuku, kakafuna kudumphira muzikaletsa ndi mawu amodzi omwewo nthawi zonse, kakadekha muzikapatsa kachakudya. Onse a m'nyumba azigwiritsa mawu amodzimodzi, chifukwa bambo akamaletsa ana n'kumati "gwira, gwira" pofuna kuseka, phunziro lonse lapita m'madzi. Kumenya sikuthandiza. Agalu a mtundu uwu sachedwa kuchita mantha, ndipo womenyedwa amangophunzira kugwira nkhuku mwini wake kulibe. Nkhuku yofa ndi chitopa muziikwirira mozama kapena kuitentha, osamuponyera, ndipo zisa za mazira zikhale pamwamba. Ngakhale ataphunzira chotani, ine sindingamusiye yekha ndi anapiye. Amene amaweta nkhuku zake m'khola lotseka, monga za mazira kapena za nyama, savutika kwambiri ndi zonsezi.

Kudya amadya ndithu. Mkute wa nsima wokha sungamukwanire galu wothamanga chotere, pamafunika usipa, bonya, soya wophika kapena zotsala za nyama. Chakudyacho muzichigawa kawiri patsiku ndipo asathamange atangodya kumene, chifukwa agalu a chifuwa chakuya ngati ameneyu nthawi zina chifu chimadzaza mpweya n'kupotokola, matenda amene amapha m'maola ochepa ngati dokotala wa ziweto ali kutali. Popeza amakonda kulowa m'udzu, nkhupakupa zimamukwera kwambiri, ndipo zimabweretsa matenda othetsa magazi. Muzimuyang'ana akabwera kutchire, makamaka m'makutu ake ogwawo ndi pakati pa zala. Katemera wa chiwewe ayambe ali ndi miyezi itatu, ndipo azibwereza monga momwe alangizi a ziweto anenera.

Amene akufuna kusakadi naye adziwe kuti lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, limene linakonzedwanso mu 2017, limateteza nyama ndi mbalame zambiri zakutchire, choncho ayambe wafunsa za chilolezo ku nthambi yoona za nyama zakutchire.

Pogula kagalu, pemphani kuona make ndi pamene amakhala. Ngati pakhomopo pali nkhuku, imani kanthawi muone zimene make amachita zikamadutsa pafupi. Funsaninso khadi la katemera, ndipo musatenge kagalu kosakwana masabata 8.