Chikwama n'cham'kati, osati maluwa a chitenje

Chikwama choyamba chomwe ndidagulitsa chidabwerera pasanathe sabata. Adagula anali mayi wina wophunzitsa kupulaimale. Mvula idawapeza akutsika minibasi, ndipo katoni yemwe ndidasokerera pansi pa chikwamacho adanyowa n'kusanduka phala. Adangochiika pamakina anga n'kufunsa: "Achemwali, ndiye mabuku a ana ndizinyamulira m'chiyani?" Ndalama ndidabweza, manyazi ndidatsala nawo.

Chiletsereni boma majumbo opyapyala osafika ma microns 60 m'chaka cha 2015, zikwama zansalu zapeza msika, ndipo achinyamata ambiri tikuzitsatsa pa WhatsApp ndi Facebook. Koma pachithunzi chilichonse chimaoneka bho. Chimene chimabweretsanso kasitomala ndi chomwe mwabisa pakati pa chitenje ndi nsalu yam'kati.

Masiku ano ndisanadule nsalu ndimafunsa mafunso awiri: chikwamachi chizinyamula chiyani, nanga chizichapidwa?

Ngati n'chamabuku kapena chopita nacho kuntchito, ndimagwiritsa sitifi womata ndi simbi, amene ena amamutcha Vilene. Mbali imodzi imakhala yokhakhala chifukwa cha guluu, ndipo ndiyo imagona kuseri kwa chitenje. Apa ndi pomwe ambiri timalakwa. Chitenje chatsopano chiyambe chachapidwa, chifukwa nsalu yathonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba pomwe sitifi safupika nayo limodzi. Mukapanda kutero, chikwama chimatuluka matuza ngati chapsa. Komanso simbi simuyendetsa ngati mukusita malaya. Yalani kansalu konyowa pamwamba, dindani malo amodzi masekondi 10 mpaka 15, nyamulani, dindaninso pena. Kenako dikirani zizizire kuti guluu agwire. Wasimbi yamakala asamale kwambiri, moto ukachuluka sitifi amakwinyika.

Chikwama cha laputopu chimafuna siponji yopyapyala. Iyo imachiimitsa, n'kutetezanso katundu chikagunda penapake. Muisokerere ku nsalu ndi mizere ingapo kuti isamayendeyende m'kati.

Nanga chakumsika, chonyamulira mbatata ndi kabichi? Chimenechi sichifuna kuuma, chimafuna mphamvu. Jinzi yakale yapakaunjika kapena kanivasi zimagwira ntchito kuposa sitifi, ndipo zimachapika bwinobwino. Thumba la saka nalonso limatha, bola likhale la mpunga kapena la shuga. La feteleza ayi ndithu, muzilowa zakudya mmenemo. Vuto la saka n'loti limasosoka m'mphepete, ndiye pindani kawiri musanasoke, komanso simbi isaligunde, limasungunuka.

Pansi, pomwe katoni adandichititsa manyazi paja, tsopano ndimaika pulasitiki yolimba yodula kuchigubu chakale. Makona ndimawazunguliza ndi sizasi kuti asaboole nsalu, kenako ndimaisokera kathumba kakekake. Mwini wake akafuna kuchapa amangoisolola.

Pali zina ziwiri zomwe ndidaphunzira nditathyola masingano angapo. Sitifi ndi siponji muzizidula mochepera ndi sentimita imodzi mbali zonse, kuti pamsoko pasakhuthale. Ndipo nsalu zikasanjikizana, singano yosokera madiresi siingathe. Ikani ya nambala 16 kapena 18. Zogwirira musaziiwale: m'kati mwake mulowe jinzi kapena lamba, ndipo pomwe zakumana ndi chikwama sokani kabokosi kokhala ndi X pakati.

Ndikudziwa, zonsezi zimakweza mtengo, ndipo kasitomala amanenerera mpaka thukuta. Ine ndimangotembenuza chikwama n'kumuonetsa m'kati, kenako ndimachiimika patebulo chopanda kanthu. Chikaima chokha, kukambirana kumafupika. Inunso ogula, musamangotengeka ndi maluwa. Finyani pansi, funsani chomwe aikamo. Mukamva kuti katoni, kumbukirani kuti Disembala akubwera.

Aphunzitsi aja ndidawasokera china, ulendo uno chajinzi m'kati ndi pulasitiki pansi. Dzinja ladutsa kawiri, akunyamulirabe mabuku. Anzawo atatu a pasukulupo adabwera okha kudzaoda, osaona n'chithunzi chomwe.