Oregano amakoma mu mphika, koma si chipatala

Tsiku loyamba kuphikira oregano ndinachita manyazi. Nditaonera kavidiyo pa TikTok, ndinakagula kabotolo ka masamba ouma mu shopu ina ku Lilongwe, n'kukhuthulira pafupifupi theka mu mphika wa nyemba. Amayi atalawa anandiyang'anitsitsa: "Iwe, wathira mpungabwi mu ndiwo? Kapena mu mphikamu muli udzudzu?" Nyemba zija zinawawa ngati mankhwala. Usiku umenewo nsima tinadyera mazira.

Komatu mphuno ya amayi sinaname. Oregano ndi mpungabwi ndi pachibale, onse ndi a banja la zomera la Lamiaceae, momwe mulinso minti. Kwawo kwa oregano ndi mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean monga Greece, Italy ndi Turkey, komwe amamera yekha m'mapiri ouma a miyala. Fungo lija mumalimva pa pizza nthawi zambiri ndi iyeyu. Ku Naples kuli pizza yotchedwa marinara yomwe sathirako tchizi: tomato, adyo, mafuta a olivi ndi oregano basi. Agiriki amawaza pa saladi ya tomato ndi nkhaka, ngakhalenso pa nyama yootcha yofinyira ndimu.

Cholakwa changa chinali muyeso. Oregano akauma mphamvu yake imachuluka, moti supuni 1 ya tiyi ya wouma imalowa m'malo mwa masupuni 3 a wauwisi. Mphika wa nyemba wa banja lonse, theka la supuni ya tiyi likwana. Ndimayamba ndafikisa masambawo m'manja kuti fungo lituluke, kenako ndimathira pokazinga anyezi ndi tomato. Wauwisi ndimathira ndiwo zili pafupi kupsa. Pa chambo chootcha, nkhuku kapena mbatatesi, sakanizani ndi adyo, ndimu, mchere ndi mafuta pang'ono, mudzandiuza.

Chondidetsa nkhawa ndi zomwe zikuyenda m'magulupu a WhatsApp, zoti mafuta a oregano amachiza chilichonse. Mnzanga wina anafuna kusiya mankhwala omwe anamulembera dokotala chifukwa cha uthenga wotere. N'zoona kuti mu oregano muli carvacrol ndi thymol, zomwe zimapha tizilombo tina zikayesedwa mu labotale. Koma kagalasi ka mu labotale si thupi la munthu. Mafutawa ndi aukali, amatha kuwotcha m'kamwa ndi pakhungu, ndipo amayi oyembekezera komanso ana asamwe. Mukadwala malungo kapena chibayo, pitani kuchipatala, osati kukhitchini.

Pano ndinadzala wanga mu chidebe chakale cha penti chomwe ndinachiboola pansi. Amafuna dzuwa ndi madzi ochepa, ukamuthirira kwambiri mizu imawola. Sabata yatha ndinaphikanso nyemba, ndipo amayi anapempha zina. Za udzudzu sanatchule.