WA INSHUWALANSI YA MALIRO AKAGOGODA PAKHOMO, AGOGO ASASAINE TSIKU LOMWELO

M'makomboni athu monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika, ana akapita ku sukulu ndipo akulu-akulu ku nchito, otsala pa nyumba ndi agogo. Nthawi imeneyi ndiyo yabwino kwa ogulitsa inshuwalansi ya maliro, amene amayenda khomo ndi khomo ndi cikwama ca mapepala.

Malonda awo si oipa. Aliyense amene anaferedwapo adziwa kumene ndalama zimapita: bokosi, galimoto, unga, ndiwo, nkhuni ndi malo a manda. Mabanja ambiri amathamangira kaloba. Munthu wokalamba safuna kusiyira ana ake ngongole, ndipo wogulitsa adziwa zimenezi bwino lomwe. Koma kumbukirani kuti ogulitsa ambiri amalipidwa malinga ndi anthu amene awalembetsa. Cangu ndi cake, si ca agogo.

Coyamba cofunsa ndi nthawi yodikira. Mapangano ambiri salipira ngati munthu wamwalira ndi matenda m'miyezi yoyambirira, ngakhale anali kupereka mwezi ndi mwezi osaphonya. Imfa ya ngozi ndiyo kawiri-kawiri imalipiridwa kuyambira paciyambi. Miyezi yodikira imasiyana kampani ndi kampani, conco wogulitsa akuonetseni pa pepala pamene yalembedwa. Zonena pakamwa sizithandiza pa tsiku la maliro.

Nkhani ya thanzi ndiyo imagwetsa ambiri. Inshuwalansi yotere nthawi zambiri siifuna kuti dokotala akupimeni, koma fomu ikhoza kufunsa za matenda. Agogo ngati amamwa mankhwala a BP, a shuga kapena a mtima, kapena anadwalapo TB, anene zoona. Wogulitsa wina angati, "Mbuya, izi zisiyeni, tilembe kuti muli bwino." Musabvomere. Munthu akamwalira kampani ingafunse mapepala a ku cipatala, ndipo ikapeza kuti matenda anabisidwa ili ndi mphamvu yokana kulipira. Pamenepo wogulitsa uja sadzaoneka. Cimodzi-modzi ndi zaka: lembani tsiku lobadwa monga lilili pa reji, cifukwa mtengo wa pamwezi umakwera ndi msinkhu.

Tsono tiwerengere. Tiyerekeze kuti agogo apereka K150 pamwezi, ndipo kampani yalonjeza K10,000 pa maliro. Pa caka ndi K1,800. Zikatha zaka 6 apereka K10,800, kuposa zimene banja lidzalandira. Mulungu akawapatsa zaka zina 10 adzapitirizabe kupereka, pokhapokha pangano linene msinkhu wolekera. Ndipo akalephera kwa miyezi ingapo pangano limafa; pa inshuwalansi ya maliro yokha-yokha ndalama zimene zinapita sizibwerera. Ici si cilimba ayi.

Apa mpamene ife tiona bvuto lalikulu. Nkhalamba yamanyazi ikhoza kuleka kugula mankhwala kapena kucepetsa ndiwo kuti isaphonye mwezi. Kusiya mapilisi a BP cifukwa cosungira bokosi ndiko kuitana bokosilo msanga. Ngati penshoni kapena ndalama za lendi sizikwana, ana agwirizane kuti wolipira akhale mmodzi wa iwo. Afunsenso ku nchito kwao, pakuti ena ali kale ndi inshuwalansi imene ilola kulembetsa makolo, ndipo NAPSA nayo ili ndi thandizo la maliro kwa mamembala ake oyenerera.

Agogo ambiri anakula m'masiku amene kampani inali imodzi cabe, ZSIC ya boma. Kuyambira 1992 makampani anaculuka, ndipo si yense wobvala tayi amene ali woona. Makampani ndi owagulitsira amayenera kukhala ndi laisensi yocokera ku Pensions and Insurance Authority, PIA, ku Lusaka, kumenenso mungapereke dandaulo kampani ikakana kulipira popanda cifukwa comveka. Funsani ciphaso ca wogulitsa. Ndalama musampatse m'manja popanda risiti ya kampani, ndipo nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni musauze munthu.

Wogulitsa woona sadandaula mukamuuza kuti asiye fomu, abwerenso Loweruka ana akakhalapo. Amene akakamiza kuti mtengo utha lero, mperekezeni ku geti.

Mukasaina, pangano lisagone pansi pa matiresi popanda wina wodziwa. Wolembedwa kuti ndiye adzalandire ndalama adziwe kumene lili, pamodzi ndi marisiti ndi reji. Adziwenso mapepala amene kampani idzafuna: kalata ya cipatala yonena cimene capha munthu, ndi cilolezo coika maliro. Agogo akamwalirira pa nyumba, banja liyambe lapita ku polisi kukatenga pepala la BID lisanatengere thupi ku mochale.