Zimene Mbira Zinaphunzitsa Madokotala za Chiseyeye

M'chaka cha 1907 madokotala awiri a ku Norway, Axel Holst ndi Theodor Frølich, anali kufufuza nthenda imene inkasautsa amalinyero pa nyanja. Anatsekera mbira m'zikwere, nazipatsa buledi ndi mbewu zouma zokhazokha popanda msipu wauwisi. Mbirazo zinayamba kuonda, ndipo patapita mwezi umodzi zambiri zinali zitafa.

Madokotalawo atang'amba mitembo ya mbirazo, anapeza magazi atatuluka m'mitsempha ndi kuundana pansi pa khungu, m'minofu ndi m'mfundo za miyendo. Mano anali kugwedera. Mafupa anali atapyapyala, ndipo nthiti zinali zowonongeka pamene fupa limalumikizana ndi chicherewecherewe. Izi n'zimene zimaonekanso mwa munthu wodwala chiseyeye. Koma mbira zimene anaziwonjezera kabichi wamuwisi kapena madzi a mandimu sizinadwale konse.

Chimene chinkasowa m'chakudyacho chinadziwika bwino mu 1932: ndicho vitamini C. Thupi limafuna vitamini ameneyu pokonza ulimbo umene umagwirizitsa khungu, mitsempha ya magazi, mafupa ndi mizu ya mano. Ulimbowo ukachepa, mitsempha imang'ambika mosavuta, nkhama zimatupa ndi kuchucha magazi, ndipo zilonda sizipola msanga. Mbuzi, galu ndi khoswe zimadzipangira vitamini C m'chiwindi mwawo, koma mbira ndi munthu sangathe. Ayenera kumupeza m'chakudya, ndipo munthu akamusowa kwa mwezi umodzi kufikira itatu, zizindikiro zimayamba kuoneka.

Banja lingathe kukhuta nsima tsiku lililonse koma n'kumadwalabe chiseyeye, pakuti mu ufa mulibe vitamini C. Mu mfutso ngwochepa kwambiri, popeza amawonongeka masamba akamafutsidwa ndi kuyanikidwa pa dzuwa. Kuphika ndiwo zamasamba nthawi yaitali, kuthiramo soda kapena chidulo, ndi kutaya msuzi wake kumamuchepetsanso. Choncho nyengo ya chilimwe, pamene masamba auwisi amasowa, ndiyo yofunika kusamala.

Mwamwayi, mankhwala ake ali pafupi. Magwafa, malambe, mapapaya, mango, malalanje, mandimu ndi matimati zili ndi vitamini C. Mwana wosiya kuyamwa, mayi woyembekezera ndi nkhalamba ayenera kudya chipatso tsiku lililonse. Amene nkhama zake zikuchucha magazi, kapena amene akuona mikwingwirima pa khungu popanda kumenyedwa, afulumire kupita ku chipatala mano asanayambe kugwedera.