Banja Longoloŵana ndi Chuma cha Masiye

M'maparishi athu, makamaka a m'mizinda, muli mabanja ambiri amene anayamba popanda ankhoswe, popanda wansembe, ndiponso popanda kulembetsa ku boma. Mwamuna ndi mkazi anangoloŵana, nabereka ana, namanga nyumba. Ife a Mpingo timaŵakumbukira kaŵirikaŵiri tikamakamba za masakramenti, koma mavuto awo aakulu amaonekera maliro akatha, pamene abale a malemu akhala pansi kuti agaŵane chuma. Pamenepo mayi amene anaphika pa nyumbayo zaka zambiri amauzidwa kuti: sitikukudziŵani.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu zimene akhristu athu amasokoneza. Kwa Mkatolika, ukwati woona ndi umene wamangidwa pamaso pa wansembe kapena dikoni wololedwa ndi mboni ziŵiri. Lamulo limeneli linachokera ku Msonkhano wa ku Trent m'chaka cha 1563, ndipo likupezekanso m'Malamulo a Mpingo a 1983, pa nambala 1108. Koma boma liri ndi muyeso wake. Lamulo la maukwati limene Nyumba ya Malamulo ya Malaŵi inakhazikitsa mu 2015 limavomereza ukwati wa ku boma, wa ku tchalitchi, ndi wa mwambo. Tsono banja limene linachita chinkhoswe, ngakhale silinadalitsidwe, ndi banja lokwanira pamaso pa bwalo la milandu. Amene tikukamba pano ndi aja amene alibe nkhoswe ndi mmodzi yemwe.

Iwonso lamulo silinaŵataye. Ndime 22 ya Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 imatchula ukwati wodziŵika ndi anthu ndi ukwati wa kukhalira pamodzi nthaŵi yaitali. Komabe lamulo la 2015 likuti ukwati wotere umakhalapo pokhapokha bwalo la milandu litagamula, ndipo aŵiriwo ayenera kukhala atakhala limodzi zaka zosachepera 5. Bwalo limayang'ananso ngati ankathandizana pa ndalama, mmene anapezera katundu wawo, mmene ankalerera ana, ndiponso ngati anansi ankaŵaona monga mwamuna ndi mkazi wake. Taganizani tsono za mayi amene waferedwa atakhala ndi bambo zaka zinayi: chitseko chimenechi nchotseka kwa iye. Ndipo amene wakhala zaka khumi ayenera kukapereka umboni ali ndi misozi m'maso, mnzake amene akanamuikira kumbuyo ali kumanda, ndipo mboni zodziŵa bwino nkhaniyo nthaŵi zambiri ndi alamu omwe akufuna nyumbayo.

Kufunika kwa chigamulo chimenechi kumaoneka tikaŵerenga lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linaloŵa m'malo mwa la 1967. Munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, ndipo wamasiye amasunga ziŵiya za m'nyumba. Ana sakhala pa chiopsezo chachikulu chotere, pakuti ndime 23 ya Malamulo Oyendetsera Dziko siisiyanitsa ana potengera mmene anabadwira. Wotsala pa mphepo ndi mayi wawo, ngati bwalo silinamutche mkazi wa malemu. Nkhaniyi imavutirapo pamene bamboyo anasiya mkazi wina kumudzi osasudzulana naye.

Mankhwala ake si ovuta, ngakhale ambiri a ife timaopa kuti kulemba wilo nkudziitanira imfa. Wilo iyenera kulembedwa, ndipo mwini wake aisayinire pamaso pa mboni ziŵiri, zimenenso zisayine. Nkwanzeru kusankha mboni zimene sizidzalandirapo kanthu. Mwa njira iyi munthu angathe kusiyira mnzake nyumba, kaya bwalo lidzaŵatcha okwatirana kaya ayi, malinga asamane ana ake, pakuti anawo ali ndi ufulu wokadandaula ku bwalo. Ngati anagula malo pamodzi, mayina onse aŵiri alembedwe pa chikalata. Katundu amene mayi anagula ndi ndalama za geni yake si chuma cha masiye konse, koma adzafunika malisiti kuti asonyeze zimenezi.

Ena adzafunsa ngati wansembe wolangiza zotere sakulimbikitsa uchimo. Ife sitikuona choncho. Papa John Paul II, m'kalata yake ya Familiaris Consortio ya 1981, anapempha abusa kuti afufuze chimene chachititsa banja lirilonse kukhala motere, pakuti ena aloŵamo chifukwa cha umphaŵi, ndi kuti aŵafikire mwaulemu mpaka akonze ukwati wawo. Kukonza ukwati ndiye cholinga chathu, ndipo kumachotsanso chikayiko pamaso pa boma. Koma maphunziro a ukwati amatenga miyezi, kukambirana kwa mabanja nkutenga zaka, ndipo pa nthaŵi yonseyo wilo ingathe kulembedwa tsiku limodzi. Atsogoleri a miphakati, amene amakhala pa siŵa usiku wonse, adziŵenso kuti lamulo la 2011 limatcha kulanda chuma cha masiye mlandu wopita nawo kundende, ndi kuti wovutitsidwa angathe kukadandaula ku polisi kapena kwa a DC.